Mchere wa Zelifa

"Ndiye ndizidya ndiwo zopanda mchere mpaka liti?" anafunsa Jobu akukankha mbale ya nyemba.

"Mpaka mkazi wako atiuze zoona," anayankha a Naphiri, mlongo wake wamkulu, mwini nyumbayo. "Mchere uli apo m'kachitini. Thira wekha ndi dzanja lako. Koma wothira iyeyu sudzaulawa muno ine ndili moyo."

Iyeyo anali Zelifa, mkazi wa Jobu. Anali atakhala pakhomo la kuchipinda atatambasula miyendo, juzi atavala mpaka m'khosi, chonsecho unali mwezi wa Okutobala ndipo malata a nyumba za ku Mchesi ankachita kulira ndi dzuwa. Masiku amenewo Zelifa ankayankha mochedwa, ngati mawuwo akuchita kukawatenga kutali.

"Achemwali, ndangofika dzulo," anatero Jobu. "Fumbi la msewu wa ku Zomba lidakali m'makutu. Simungandilole ndipumeko kaye?"

"Upume bwanji ukutsokomola chonchi?"

"Ndi fumbi. Ndakhala pamwamba pa lole tsiku lathunthu nditakumbatira makabati a boma."

"Amalume a Nebert nawonso ankati ndi fumbi. Tinakawaika."

Jobu anafuna kuseka koma chifuwa chinamutsogolera, ndipo a Naphiri anamuloza ndi chipande ngati munthu amene wawina mlandu.

Amene munakulira kwina mwina simungamve msanga. Kwathu kuno mchere si wongokometsa ndiwo. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere; amaphika zonse bwinobwino, kenako amaitana mnzake kuti adzamuthirire. Ndipo amati mkazi amene wayenda njira zamseri akathira mchere, mwamuna wake n'kudya, mwamunayo amadulidwa: chifuwa, kutupa miyendo, mapeto ake kumanda. Ndiwo mdulo umenewo. Kaya inu mumaukhulupirira kaya ayi, a Naphiri ankaukhulupirira kuposa ulaliki wa abusa, ngakhale kuti Lamulungu lililonse ankakhala benchi yakutsogolo.

"Tamvera, Jobu," anatero a Naphiri akukhala pansi. "Unabwera naye kuno nthawi yokolola. Unati, 'Achemwali, ndisungireni munthuyu, ofesi yathu isamukira ku Lilongwe mwezi wamawa.' Mwezi wamawa wakowo wafika dzulo. Ine ndamusunga. Sindinakusunge, mlamu?"

"Munandisunga," anatero Zelifa. Mawu ake anali atasasa, okhuthala ngati a mwamuna.

"Utangobwerera ku Zomba anandiitana. 'Alamu, dzandithirireni mchere.' Ndinathira. Mwezi wotsatira anandiitananso, ndinathira. Chisanu chitafika, zii. Mpaka lero, zii. Tsiku ndi tsiku dzanja lake lili m'kachitini, iwe uli ku Zomba. Ndiye undiuze, iwe wogwira ntchito m'boma, mwezi wa mkazi umaima chifukwa cha chiyani?"

"Mwina ankangoiwala kukuitanani."

"Aiwale Zelifa, amene saiwala ngakhale kupempherera madzi akumwa? Tamuyang'ana nkhope, yadzaza. Tayang'ana mapazi. Tulo ndiye osanena. Tikapita ku City Centre kukagulitsa thobwa kwa omanga nyumba aja, ndimatembenuka n'kupeza munthu wagona pamulu wa njerwa. Ndipo sabata yatha pochapa bulauzi yake..." A Naphiri anatsitsa mawu, chifukwa nkhani zina sizinenedwa mokweza pamaso pa mlongo wako. "Ndinapezapo madontho a mkaka."

Jobu anasiya kutsokomola. Zaka zonse za ukwati wawo mwana anali asanabwere, ndipo mawu oti mkaka anali asanatchulidwepo m'nyumba mwake.

"Zelifa, nena," anatero.

"Ndilibe mimba, a Phiri."

"Nanga mwezi?"

"Unaima."

"Mkakawo?"

"Ulipo pang'ono. Sindikudziwa kumene ukuchokera. Sindinayende ndi mwamuna wina. Ndikungotopa, ndikuzizidwa, mutu ukulemera. Zimene ndikudziwa ndi zomwezo."

Kuchipinda china kunamveka mawu a Chikaonda, amuna awo a Naphiri, amene ankagona masana chifukwa anali mlonda ku Area 10. "Ine mchere womwewo ndadya chisanu chonse. Sindinatupe."

"Inu gonani mukalondere nyumba za eni," anatero a Naphiri. "Mdulo umadziwa mwini wake."

Kenako, mosayembekezeka, anayamba kulira. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kuloza Zelifa. "Ukuganiza kuti ndikukondwa, Jobu? Mwana uyu ndimamukonda kuposa iwe. Iwe unandipatsa chiyani kupatula kukuberekera kumbuyo n'kumandikodzera? Uyu wandiluka tsitsi, wandisenzera ndowa, tagawana chofunda. Koma mchimwene ndili naye mmodzi. Mwezi ukatha ndiitana ankhoswe, adzamutenge mwamtendere. Sindikufuna maliro pakhomo pano."

Sabata imeneyo Jobu anayamba ntchito ku maofesi atsopano. Anali mesenjala, ndipo mzinda umene anautumikira unali wosatha kumangidwa: apa nyumba yansanjika, apo tchire, uko msewu wa tala wosapita kulikonse. Mabwana ochokera ku Zomba ankadandaula za fumbi ndi kusowa kwa mapiri. Jobu sankawamva. Ankapalasa njinga ya boma kuchokera ku ofesi ina kupita ku ina, mutu uli ku Mchesi.

Tsiku lina masana anapatuka n'kukaima patali ndi mtengo umene a Naphiri ndi Zelifa ankagulitsirapo thobwa. Omanga nyumba anafika mzerewu, oyera ndi simenti, akuseka. Jobu anawayang'ana mmodzimmodzi. Wamtali uyu kodi? Wa chipewa uyu? Ndikuuzani, palibe ntchito yopusa ngati imeneyi, ndipo amuna ambiri anzeru anaigwirapo. Munthu amene Jobu anamuona bwinobwino tsikulo ndi mkazi wake. Zelifa ankatunga thobwa pang'onopang'ono, kapu ikulemera m'dzanja, ndipo palibe mwamuna amene anamuyang'ana kawiri. Womanga wina anamukalipira kuti afulumire. Jobu anamva mtima ukuwawa, osati ndi nsanje koma ndi chisoni, ndipo anakwera njinga n'kuchoka Zelifa asanamuone.

Ku ofesi anamuuza kuti tinyumba ta ku Area 18 tikutha kupakidwa laimu, ndipo oyamba kupatsidwa adzakhala apabanja. Anafunsidwa ngati ali pabanja. Anati eya, koma anachedwa kuyankha.

Kunyumba ankathira yekha mchere m'mbale mwake. Mchere wothira pamwamba sulowa m'ndiwo, aliyense amadziwa. Zelifa ankamuyang'ana akuwaza, ndipo kuyang'anako kunkamupweteka Jobu kuposa pakamwa pa mlongo wake.

Loweruka m'mawa a Naphiri atapita kumsika, Jobu anamupeza Zelifa kuseri kwa nyumba akuchapa. Anakhala pa chitini chogadabuza n'kutsokomola kuti adziwike.

"Ndaganiza," anatero.

"Mwaganiza chiyani, a Phiri?"

"Ankhoswe asabwere. Ine ndinakusiya wekha nthawi yaitali, mlandu wina ndi wanga. Ndiponso mwina vuto la kusabereka lili mwa ine, ndani akudziwa. Mwanayo ndimulera. Adzakhala Phiri. Sindidzakufunsa dzina la munthuyo, lero kapena mawa. Tipite kwa asing'anga atipatse mankhwala otsuka mdulo, tidyere pamodzi, nkhani ithe. Ndakukhululukira, Zelifa."

Anali atawakonza mawu amenewa sabata yonse pa njinga, ndipo kunena zoona anali mawu abwino. Amuna ochepa a nthawi imeneyo akanawanena. Jobu ankayembekeza misozi yothokoza.

Zelifa anafinya malaya, anawaika m'beseni, n'kupukuta manja.

"Mwandikhululukira chiyani?"

"Zimene zachitikazo."

"Chachitika n'chiyani?"

"Zelifa, usandivutitse. Ndikuyesa kukuchitira chifundo."

"Ndikuona. Ndinu munthu wabwino, a Phiri, n'chifukwa chake ndinakulolani ngakhale munabwera kwathu ndi nsapato zobwereka. Koma chifundo chanucho chikundipweteka kuposa chipande cha alamu. Iwo akuti ndachimwa, ndichoke. Inu mukuti ndachimwa, ndikhale. Nonse mwagwirizana. Palibe amene wati, mwina munthuyu akunena zoona."

"Nanga mwezi, nanga mkaka, ine nditi chiyani?"

"Muti simukudziwa, monga ine sindikudziwa. Ndikadzuka m'mawa thupi ili limakhala ngati la munthu wina. Tsitsi likuthothoka. Ndikuopa, a Phiri. Ndinkawerenga masiku kuti mubwere ndidzakuuzeni kuti ndikuopa. Mwabwera, ndipo mwandibweretsera chikhululukiro."

Mawu ambiri chonchi Zelifa anali asanawalankhule kuyambira chisanu, ndipo anamutopetsa. Anatsamira khoma n'kumasula batani la juzi kuti apume.

"Pepani ndalowerera," anatero munthu kuseri kwa mpanda wa udzu. Anali mayi Zubeida, a nyumba yoyandikana, akazi awo a telala wa pakhonde ku Old Town. Anali atabereka ana osawerengeka ndipo manyazi anawathera pa mwana wachitatu. "Mpanda uwu ndi wopyapyala, si mlandu wanga. Zelifa, tabwera kuno."

Zelifa anasendera. Mayi Zubeida anapisa dzanja pampanda n'kumugwira pamimba, mopanda kupempha, kenako anakweza dzanjalo n'kumugwira pakhosi.

"A Phiri, inu mwakhala mukuyang'ana pati masiku onsewa?"

"Bwanji, mayi?"

"Mimba ya kuyambira chisanu bwenzi pano ikukankha chitenje. Apa pali mafuta okhaokha. Koma taonani apa. Mimba ya kwanu ku Zomba imamera pakhosi?"

Jobu anayandikira. Kunsi kwa kholingo la mkazi wake kunali chotupa chofewa, chotambalala, chimene chinkakwera ndi kutsika Zelifa akameza malovu. Mkanda wofiira umene anamugulira ali pachibwenzi, umene kale unkalendewera, tsopano unali utamukanikiza.

"Chithokomiro," anatero Jobu.

"Dzina mukulidziwa. Kwathu kumapiri ndinaona amayi ambiri a makosi otere, ena ozizidwa ndi aulesi ngati ameneyu. Za mwezi ndi mkaka sindikudziwa, sindine dokotala. Koma munthu wotupa pakhosi amapita naye kuchipatala, osati kwa ankhoswe."

"Lolemba tipita," anatero Jobu mofulumira, ngati munthu amene wapeza khomo m'nyumba yoyaka. "Dokotala akakatiuza kuti mulibe mwana, basi, nkhani yatha."

"Ayi," anatero Zelifa.

"Ayi chiyaninso?"

"Dokotala akanena, mudzakhulupirira dokotala. Ine ndidzakhalabe mkazi amene mawu ake amafuna mboni. Kuchipatala ndipita, pakuti ndikudwala. Koma mawa ndiphika, ndithira mchere ndi dzanja ili, ndipo mudya tisanapite. Mukakana, musavutike ndi ankhoswe. Ndikwera basi ndekha."

Mayi Zubeida anabweza dzanja lawo. "Apa ndiye mpanda wakhuthala," anatero. "Sindikumvanso kanthu."

Musamuseke Jobu. Anali mwana pamene amalume a Nebert ankamwalira, ndipo anawaona ndi maso ake miyendo itatupa, akutsokomola magazi, akazi awo akuthamangitsidwa pamudzi ndi zithumba kumutu. Palibe anamuuzapo kuti chingakhale chifuwa chachikulu. Anamuuza kuti ndi mchere. Zimene munthu wauzidwa ali wamng'ono sizichoka chifukwa choti wavala yunifolomu ya boma. Ndipo chifuwa chake chinali chisanathe.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, Zelifa anaphika nkhwani wotendera, ndiwo zimene Jobu ankazikonda. Anatulutsa mphika pabwalo, pamaso pa onse, anatenga kachitini, anatapa mchere n'kuwaza kuchokera m'mwamba kuti aliyense aone. Anatakasa, anapakula, n'kuika mbale patsogolo pa mwamuna wake.

"Ukuchita chiyani, mlamu?" anafunsa a Naphiri.

"Ndikupatsa amuna anga chakudya."

"Jobu, usakhudze."

Jobu anasamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali, chala chilichonse pachokha. A Chikaonda, amene anali atadzuka chifukwa cha fungo la nsinjiro, anakhala pambali n'kumayang'ana nkhuku.

"Jobu, ndikulankhula ndi iwe." A Naphiri anamugwira pamkono. "Dikira mawa lokha. Dokotala akanena, udzadya mphika wonse. Tsiku limodzi likupweteka chiyani?"

"Likupweteka iyeyu, achemwali."

"Ukafa, ine ndikawauza chiyani amayi kumudzi?"

Jobu anayang'ana mkazi wake. Nkhope inali yotupa, zikope zolemera, tsitsi lopyapyala m'mbali mwa duku. Sanali Zelifa wa masaya osalala amene anamusiya nthawi yokolola. Koma maso anali omwe aja, ndipo sankamupempha kanthu. Ankangodikira.

"Mukawauze kuti ndinadya kwa mkazi wanga," anatero.

Anatema mbamu, anapisa m'ndiwo, n'kuika m'kamwa. Anameza. Anatemanso ina.

"Wakwana?" anafunsa Zelifa.

"Wakwana."

A Naphiri anaimirira n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye. Zelifa anakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake, anatsamiritsa mutu paphewa lake pamaso pa alamu ake aamuna, chinthu chimene sichichitika, ndipo posakhalitsa anagona. Jobu anamaliza mbale yonse osagwedeza phewa kuti asamudzutse.

M'mawa mwake a Naphiri anagwada n'kudina akakolo a Jobu ndi chala kuti aone ngati ayamba kutupa. Kenako anavala chitenje chatsopano n'kunena kuti nawonso apita kuchipatala, kuti akamve ndi makutu awo.

Anadikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Dokotala amene anawalandira anali bambo wa imvi, wosamuka ku Zomba nayenso. Anamutengera Zelifa kuseri kwa nsalu pamodzi ndi namwino, ndipo atabwerako anamugwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima, anamupatsa madzi kuti ameze iye akugwira pakhosi, anamufunsa za kuzizidwa, za tulo, za tsitsi. Zelifa ankayankha, ndipo kanali koyamba kuti munthu amufunse mafunso osafuna kumugwira nawo.

"Mulibe mwana m'mimbamu," anatero dokotala. "Ndipo simunakhalepo ndi pathupi."

A Naphiri anayang'ana pansi. Jobu anapumira m'mwamba, koma chodabwitsa n'chakuti anamvanso kachisoni. Mwana amene anamukonzera dzina pa njinga anali atapita osabwera n'komwe.

"Nanga mwezi, adokotala?" anafunsa a Naphiri ndi mawu aang'ono. "Nanga mkaka?"

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?" anafunsa dokotala akutembenukira kwa Jobu.

"Ndine mesenjala."

"Ndiye mumva msanga. M'mutu muno, kunsi kwa ubongo, muli kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa. Ndilo likulu. Pakhosi apa pali ofesi ina, imene imapanga timadzi tina tolowa m'magazi. Timadzi timeneti ndi timene timafunditsa thupi, kufulumizitsa mtima, kudzutsa munthu. Likulu limatuma mesenjala kudzera m'magazi kuti, pangani timadzi. Tikakwana, timafika mpaka kumutu, ndipo limenelo ndiye yankho. Likulu limasiya kutuma. Tikachepa, limatumanso. Thupi limadziyeza lokha choncho, osachuluka, osachepa, munthu osadziwa n'komwe. Tsopano kwa mayiwa ofesi ya pakhosi yafooka, yankho silikufika. Likulu limatani yankho likapanda kubwera?"

"Limatuma wina," anatero Jobu. "Kenako wina. Kenako limakalipa."

"Basi. Likutuma osapuma, ndipo ofesi ya pakhosi ikutupa poyesetsa kumvera. Ndicho chotupa ichi. Koma m'likulu momwemo, khomo loyandikana, muli amene amalamula za mkaka. Phokoso lija lawadzutsa. Iwo akadzuka mkaka umabwera ndipo mwezi umaima, monga zimachitikira kwa mayi woyamwitsa. Munthu akamaona kunja angati ndi pathupi."

"Ine ndinati ndi pathupi," anatero a Naphiri.

"Si inu oyamba, mayi. Ena amafika kuno ukwati utatha kale. Ambiri safika n'komwe."

Anamulembera Zelifa timapiritsi toyera, kamodzi m'mawa uliwonse, mwina moyo wonse. Anati timapiritsito ndi yankho limene likulu likudikira. Likalimva lidzatonthola, ndipo zina zonse zidzabwerera m'malo mwake pang'onopang'ono. Jobu anafunsa ngati kufooka kumeneku kungakhale kumene kwatsekereza mwana zaka zonsezi. Dokotala anati n'kutheka, koma sangalonjeze. Za chifuwa cha Jobu, atamumvetsera kumsana, anati ndi fumbi.

Pobwerera a Naphiri anayenda kumbuyo. Pamlatho wa Lilongwe anafulumira n'kulanda kathumba ka mankhwala m'manja mwa Zelifa kuti amunyamulire, kathumba kopepuka ngati tsamba. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma magalimoto onyamula njerwa ankadutsa, ndipo anatsekanso. Kunyumba anamuphikira phala, anamutenthetsera madzi, anamuletsa kusenza ndowa. Anachita zonse kupatula chimodzi. Pakamwa pamene pankatha kukalipira msika wonse panakanika kutulutsa mawu aafupi oti pepani. Zelifa naye sanawathandize. Ankathokoza mwaulemu, ulemu wa kwa mlendo, ndipo kuluka tsitsi kuja kunatha.

Mvula yoyamba itagwa, Jobu anapatsidwa kanyumba ku Area 18. Anasamuka pa ngolo yobwereka. Pa nthawiyo nkhope ya Zelifa inali itayamba kuphwa, juzi anali atalipinda, ndipo tsiku lina anamukalipira Jobu chifukwa cholowa ndi matope m'nyumba, mofulumira ndi mokweza, mpaka Jobu anaseka ndi chimwemwe.

A Naphiri anatenga masabata angapo asanapiteko. Ankati kutali, ankati mvula, ankati thobwa. A Chikaonda ndi amene anawatopera n'kuwakweza pa njinga Lamulungu lina, kuwatsitsa pakhomo, iwo n'kupitirira ku Area 10. A Naphiri anafika ndi nkhuku m'khwapa. Anapereka moni, anapereka nkhuku, n'kukhala pakhonde penipeni pa khomo ngati munthu wodzapempha moto. Jobu anawapatsa mpando, anakana. Anakamba za mvula, za mtengo wa chimera, za amayi kumudzi. Zelifa anali kukhitchini, ndipo kunkangomveka mthiko.

"Ndizipita," anatero a Naphiri patapita nthawi. "Kukuchita mdima wa mvula."

"Osadya, achemwali?"

"Ndadya kale."

Linali bodza, ndipo onse awiri ankadziwa. A Naphiri anaimirira n'kumanga chitenje. Anali atatsika kale pakhonde pamene mawu anachokera kukhitchini, mawu opepuka, a Zelifa wakale.

"Alamu."

A Naphiri anaima.

"Dzandithirireni mchere."

Mayi wamkulu uja anathamanga. Anapunthwa pakhomo, patapata imodzi inatsala panja, ndipo Jobu anamva kachitini kakugwa, kenako akazi awiri akulankhula nthawi imodzi, wina akulira, wina akuseka, osadziwika kuti wolira ndani. Sanalowe. Anatola patapata ija n'kuiika pambali kuti isanyowe.

Nkhuku ya tsiku limenelo inawawa mchere moti sinkadyeka. A Naphiri anathira osaona bwino, mwina kawiri. Jobu analuma nthuli yoyamba, maso anafiira, anafikira kapu ya madzi.

"Wakwana?" anafunsa a Naphiri.

Jobu anayang'ana mkazi wake. Zelifa ankatafuna mwakachetechete, misozi ya mchere ili m'maso, akupakulira alamu ake chiwindi.

"Wakwana, achemwali," anatero Jobu, n'kutambasula mbale kuti amuwonjezere.